Kutsata mapazi a Jeanne d'Arc, kuchokera ku Domrémy mpaka ku Rouen

5 Meyi, Domrémy

Tafika ku France abale. Sitima yatitula pa Neufchâteau, kuchoka pamenepo ndi takisi basi chifukwa mudziwu uli kutchire ndithu, makilomita ngati 10. Ndi mudzi weniweni, ng'ombe m'madambo, nyumba zochepa m'mbali mwa msewu, mtsinje wa Meuse ukungoyenda mwaulesi chapafupi pomwepo. Ndili ndi mwana wa achemwali anga wa zaka 17, achinyamata a kutchalitchi kwathu ku England kuja anamusankha kuti adzakhale Jeanne d'Arc, mtsikana wa mudzi uno amene anatsogolera asilikali a France pomenyana ndi Angerezi kenako n'kudzaotchedwa, mu sewero lomwe tikukonza, wolemba seweroli ndine, nde tinagwirizana ndi mayi ake kuti tibwere tidzaone malowo ndi maso.

Nyumba yomwe Jeanne anabadwira cha mu 1412 ikadalipo. Zipinda zinayi, denga lopendekera mbali imodzi, mkati mwamdima ndi mozizira, timawindo tating'ono. Tchalitchi chili pakhomo penipeni, ukatuluka mayendedwe ochepa wafika, ndipo pakati pake mpomwe panali dimba la bambo ake. M'khoti lomwe linadzamuweruza ku Rouen, Jeanne anati ali ndi zaka 13 anamva mawu m'dimba limeneli, masana, nyengo yotentha, mawuwo akuchokera kumanja mbali ya tchalitchi, pamodzi ndi kuwala, ndipo anachita mantha kwambiri. Pambuyo pake anati anali Mikaeli woyera, kenako Katarina ndi Margarita oyera. Mwanayu anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana khoma la tchalitchi, kenako akuti anti, ndiye kuti belu likalira amalimva ali pa bedi eti? Inde, ndipo mkulu wina woimba belu anadzachitira umboni kuti akaiwala kuliimba Jeanne ankamukalipira.

Anthu amakonda kunena kuti anali mphawi wotheratu koma ayi, bambo ake Jacques d'Arc anali ndi minda ndi ziweto, anali ndi kaudindo m'mudzi. Kusukulu kokha ndi komwe sanapite. Mayi ake Isabelle Romée ndi amene anamuphunzitsa Atate Athu, Tikuoneni Maria ndi Ndikhulupirira, komanso kusoka ndi kupota ulusi. Nkhondo ndiye anakula nayo. Domrémy inali mbali ya Charles, mwana wa mfumu ya France amene ankalimbirana ufumu ndi Angerezi, mudzi wa tsidya lina la mtsinje, Maxey, unali mbali ya a Burgundy amene ankagwirizana ndi Angerezi, ndipo Jeanne anafotokoza yekha kuti ana a midzi iwiriyi ankamenyana mpaka kubwera kunyumba ali magazi okhaokha. Mu 1428 mudzi wonse unathawira ku Neufchâteau komwe tatsikira sitima kuja, pobwerako anapeza zotentha.

6 Meyi, Vaucouleurs

Eni nyumba yomwe tagona atiperekeza pa galimoto yawo, makilomita ngati 20, Mulungu awadalitse. Kuno ndi komwe Jeanne anabwera kudzapempha mkulu wa asilikali Robert de Baudricourt kuti amupatse omuperekeza kwa Charles. Ulendo woyamba bamboyu anauza mbale wake amene anabwera naye kuti amuwombe makofi abwerere naye kwawo. Koma anabweranso, ndi kukakamira, mpaka anthu a m'tauni muno anasonkha ndalama kumugulira hatchi ndi zovala zachimuna. Mu Febuluwale 1429 anatulukira pa chipata chotchedwa Porte de France, chilipo pamwamba pa phiri, tadutsapo, ndi amuna asanu ndi mmodzi, masiku 11 pa hatchi kudutsa m'dera la adani, nthawi zambiri usiku.

Zovala zimenezi muzisunge m'mutu chifukwa ndi zomwe anadzamuphera nazo. Ine pano ndikuona chinthu chapafupi, mtsikana yekha pakati pa asilikali, akugona m'tchire, zovala zachimuna za nthawi imeneyo zinkamangidwa ndi zingwe zambirimbiri, zinali chitetezo chake.

Masana tinauyamba wa ku Paris, kusintha siteshoni ndi zikwama, Gare de l'Est kupita ku Austerlitz, tafika Orléans kutada, miyendo yatupa.

7 Meyi, Orléans

Tauni yonse ili mbendera zokhazokha. Chifukwa chake ndi ichi. Pangano la ku Troyes la 1420 linati mfumu ya England ndi imene idzalowe ufumu wa France, Charles anamulanda choncho, ndipo Angerezi anali atatenga kale kumpoto konse ndi Paris yomwe. Orléans inali ngati chitseko cholowera kum'mwera. Anaizungulira kuyambira Okutobala 1428, miyezi ikupita, chakudya chikuchepa, anthu atataya mtima. Jeanne analowa pa 29 Epulo 1429 ndi ngolo za chakudya. Pa 7 Meyi, tsiku ngati lalero, Afalansa anaukira linga la Tourelles lomwe linali kumapeto kwa mlatho pa mtsinje wa Loire, muvi unamulasa pakati pa khosi ndi phewa, anamuchotsa pamzere, analira, anamuthira mafuta pabalapo, madzulo anabwereranso ndi mbendera yake ndipo lingalo linagwa. M'mawa mwake Angerezi ananyamuka.

Tawoloka mlatho wa masiku ano kukaima tsidya lomwe kunali Tourelles. Loire ndi wotambalala abale, mchenga pakatipakati, madzi othamanga. Nyumba yomwe ankagona, ya Jacques Boucher, yeniyeniyo inapsa ndi mabomba mu 1940, yomwe ilipo anachita kumanganso, nde sindinachedwemo.

Usiku kutsogolo kwa kathedralo ya Sainte-Croix meya wapereka mbendera ya Jeanne kwa ambuye episkopi, kenako anazimitsa magetsi ndi kuonetsa nkhani yonse pakhoma la kathedralo ndi kuwala kwa mitundumitundu, ng'oma ndi malipenga zikugunda mpaka m'chifuwa. Anthu piringupiringu, ana pamapewa pa abambo awo. Zokongola zedi. Koma ndikunena zoona, mtima wanga sunakhazikike, chifukwa zonse zomwe tikuombera m'manjazi zinachitika m'masiku ochepa chabe, ndipo patangotha chaka anali m'manja mwa adani.

8 Meyi, Orléans

Lero ndiye tsiku lenileni. M'mawa Misa, masana mdipiti, asilikali, mabandi, akuluakulu a boma ndi a mpingo, ndipo mtsikana wa kuno atavala zitsulo zankhondo ali pa hatchi, mbendera m'manja. Chaka chilichonse amasankha mmodzi, wa sukulu, wa msinkhu wa mwana wathuyu. Anatidutsa pafupi moti tinamva zitsulo zikuchita ngwengwengwe ndi mpweya wa hatchi, nkhope yake yofiira ndi dzuwa, akumwetulira koma dzanja lagwira chingwe zolimba.

Mwanayu anakhala chete kwa nthawi, kenako anandifunsa zomwe ndikudziwa kuti zakhala zikumudya. Akuti anti, anthu sadzaseka kuona Jeanne wakuda? Ndinamuuza za 2018. Chaka chimenecho kuno komwe anasankha mtsikana amene bambo ake makolo awo ndi a ku Benin, mayi ake a ku Poland, anthu ena anamutukwana pa intaneti zoopsa chifukwa cha khungu, koma akuluakulu a tauni ndi okonza mwambo sanasunthe, anakwera hatchi yake, anthu a Orléans anamuombera m'manja. Ndinati mwanawe, chomwe ukufunika kukhala nacho ndi mawu olimba ndi msana wowongoka, zinazo usiyire ine.

China chomwe ndachidziwira bwino kuno, mayi ake a Jeanne anadzakhala mu Orléans muno kuyambira 1440, ali wamasiye, ndipo tauni inkawapatsa ndalama ya mwezi ndi mwezi. Anthu a kuno sanadikire kuti mpingo uyeretse dzina la mwana wawo, ankaguba pa 8 Meyi ngakhale nthawi yomwe pa pepala anali wampatuko woweruzidwa. Izi zandikhudza kuposa mdipiti wonse.

9 Meyi, Chinon

Mvula tsiku lonse. Sitima mpaka Tours, kenako ina yaing'ono. Linga lili pamwamba, pansi mtsinje wa Vienne, ndipo holo yomwe Jeanne anakumaniranamo ndi Charles inagwa kalekale, kwatsala khoma lokhala ndi malo osonkherapo moto basi. Kuchoka kuno anamutumiza ku Poitiers komwe ansembe ophunzira anamufunsa kwa masabata atatu ndipo sanamupeze ndi choipa. Ndiye kuti mpingo womwewo, mbali ya Charles unamuvomereza, mbali ya Angerezi unadzamuotcha.

Ku Reims ndi ku Compiègne sitipitako, thumba silikulola. Mwachidule, Charles anavekedwa ufumu ku Reims pa 17 Julayi 1429 Jeanne ataima pambali ndi mbendera yake, mu Seputembala analephera kulanda Paris ndipo anavulala ntchafu, pa 23 Meyi 1430 a Burgundy anamugwira kunja kwa Compiègne, mkulu wawo wina Jean de Luxembourg anamusunga miyezi ingapo ndi kumugulitsa kwa Angerezi pa ndalama za livre 10,000. Ndipo Charles uja, amene chisoti chaufumu anachilandira chifukwa cha mwana ameneyu, sanamuombole. Ndaima pa khoma lija mvula ikundinyowetsa ndili ndi mkwiyo ndi munthu amene anafa mu 1461.

10 Meyi, Rouen

Ulendo wautali, Tours, Paris, siteshoni ya Saint-Lazare, kenako kuno. Ukangotuluka pa siteshoni, pang'ono chabe ukuona nsanja yozungulira ya denga losongoka, ndi yokhayo yotsala pa linga lomwe anamutsekeramo kuyambira Disembala 1430. Sankagona mu nsanja imeneyi, yake inagwetsedwa, koma muno ndi momwe pa 9 Meyi 1431 anamubweretsa ndi kumuonetsa zida zozunzira anthu, wozunzayo ataima pompo. Makoma ake ndi okhuthala kuposa kutalika kwa munthu, kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Jeanne anauza oweruza kuti ngakhale mundidule ziwalo ndi kuchotsa mzimu m'thupi sindinena china, ndipo ndikanena, pambuyo pake ndidzanena kuti munandikakamiza. Patapita masiku atatu anavota, ambiri anati asamuzunze.

Usiku uno takhala pa bedi ku hotelo tikuwerenga zolembedwa za mlanduwo mosinthana, ine oweruza iye Jeanne, chifukwa alembi a khoti, makamaka Guillaume Manchon, analemba funso ndi yankho tsiku ndi tsiku ndipo zonse zilipo. Abale, wolemba sewero alibe chowonjezera apa. Woweruza wamkulu anali Pierre Cauchon, episkopi wa ku Beauvais, munthu wa Angerezi amene anathawa mu dayosizi yake asilikali a Charles atayandikira, pambali pake wofufuza za mpatuko Jean Le Maître, ndiye madokotala a zaumulungu a ku yunivesite ya Paris, masiku ena anthu oposa 40 m'chipinda, mbali inayi mtsikana mmodzi wa zaka 19 wosadziwa kuwerenga, wopanda womuyankhulira, akuchokera m'chitolokosi momwe amagona ali m'maunyolo, alonda ake asilikali achingerezi, pomwe lamulo la mpingo linkati woimbidwa mlandu wotere asungidwe m'ndende ya mpingo ndipo mkazi aziyang'aniridwa ndi akazi anzake.

Mafunso ake misampha yokhayokha. Pa 24 Febuluwale anamufunsa ngati akudziwa kuti ali m'chisomo cha Mulungu. Akati inde, walakwa, chifukwa mpingo umaphunzitsa kuti palibe angadziwe zimenezo motsimikiza. Akati ayi, wadziweruza yekha. Iye anati ngati sindilimo Mulungu andiikemo, ngati ndilimo Mulungu andisungemo. Mmodzi wa alembi anadzanena kuti omufunsawo anangoti kakasi. Anamufunsa ngati Mikaeli woyera anabwera wamaliseche, anati mukuganiza kuti Mulungu alibe chomuveka? Ngati Margarita woyera ankayankhula Chingerezi, anati ayankhulirenji Chingerezi pomwe sali mbali ya Angerezi? Chifukwa chiyani mbendera yake inalowa mu kathedralo ya Reims, anati inavutika nawo, kunali koyenera kuti ilandire nawo ulemu. Ndipo pa za kusoka ndi kupota anati saopa mkazi aliyense wa mu Rouen. Mwanayu atawerenga pamenepo anaseka mpaka misozi, akuti anti uyu anali wamakani ngati ife tomwe, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake powerenga anasintha, anasiya kuwerenga ngati woyera wa pa chithunzi.

11 Meyi, Rouen

Lero linali tsiku lolemera. Tinayambira ku Saint-Ouen, tchalitchi chachikulu, kuseri kwake kuli kapinga ndi mabenchi, kale anali manda. Pa 24 Meyi 1431 anamuimika pamenepo pa nsanja pamaso pa khamu, wakupha ali chapafupi ndi ngolo yake, ndi kumuuza kuti asaine kuti wakana mawu aja kapena apsa lero lomwe. Anasaina, ndi kachizindikiro. Amene anamuwerengera pepalalo, Jean Massieu, anadzalumbira kuti linali la mizere ngati 8 yokha, pomwe lomwe lili m'mabuku a khoti ndi lalitali. Anamuweruza kukhala m'ndende moyo wonse, iye anapempha kuti amutengere ku ndende ya mpingo, Cauchon anati mubwezereni komwe munamutenga.

Anavala diresi, anamumeta. Pa 28 Meyi anamupeza wavalanso zachimuna. Iye anati pokhala pakati pa amuna ndi zomwe zinali zoyenera, komanso zomwe anamulonjeza, kupita ku Misa, kulandira Ukaristia, kumasulidwa maunyolo, sanachite. Mboni zina zinadzati alonda anamubisira diresi, zina zinati anafuna kumugwirira. Ananenanso kuti mawu aja abweranso ndipo anasaina chifukwa choopa moto, mlembi analemba m'mbali mwa pepala kuti yankho lakupha. Malamulo ake anali oti munthu wampatuko akalapa saphedwa, koma akabwereranso ndiye basi. Ine ndikaziona, anamubwezera dala kwa alonda aja akudziwa chomwe chichitike.

Kuchoka apo tinatsika msewu wa Gros-Horloge, pansi pa wotchi yaikulu yagolide ija, mashopu mbali zonse, mpaka pa Vieux-Marché. Ndi msika mpaka lero, nsomba, tchizi, maluwa, malesitilanti anthu akudya panja. Pakati pali tchalitchi cha 1979 cha denga lokhotakhota, mawindo ake agalasi ndi akale, anawapulumutsa ku tchalitchi cha Saint-Vincent chomwe chinaphwasuka ndi mabomba mu 1944. Panja pali mtanda wautali ndi kamunda ka maluwa, mpomwe panali nkhuni pa 30 Meyi 1431. M'mawa umenewo anamulola kulapa ndi kulandira Ukaristia, tangoganizani, munthu amene akuti ndi wampatuko. Anamuveka chipewa cholembedwa milandu yake. Anapempha mtanda, Mngerezi wina anamanga timitengo tiwiri ndi kumupatsa, iye anauika pachifuwa, wansembe Isambart de la Pierre anathamanga kukatenga wa m'tchalitchi ndi kuukweza kuti aziuona. Anafa akuitana dzina la Yesu. Phulusa anakataya mu Seine kuti pasapezeke chotola.

Tinapemphera korona pamenepo, mwanayu akutsogolera. Chakudya chamasana sitinadye.

12 Meyi, Rouen

Historial Jeanne d'Arc, malo oonetsera mbiri ya Jeanne, m'nyumba yakale ya arkiepiskopi kuseri kwa kathedralo, inatsegulidwa mu 2015. Amene mudzabwere kuno musadzaphonye. Mumalowa kagulu, amakupatsani zomvera m'makutu, ndiye mumayenda chipinda ndi chipinda, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ochita zisudzo akuoneka pa makoma amiyala ngati ali nanu pompo. Ndipo anachita mwanzeru, nkhaniyi anaiyambira pa mlandu wachiwiri, wa 1455 mpaka 1456. Wotsogolera ndi Jean Juvénal des Ursins, arkiepiskopi wa Reims, akuitana mboni imodziimodzi, anthu a ku Domrémy, asilikali, alembi aja, ndipo iwe umakhala ngati uli nawo pa bwalo ukumva ndi kuyeza wekha. M'nyumba yomweyi ndi momwe anagwirizana pa 29 Meyi 1431 kuti amupereke kukaphedwa, ndi momwenso chigamulocho chinafafanizidwa.

Apa ndi pomwe sewero langa latembenuka. Ndinabwera ndikuganiza kuti lidzathera pa moto, poti ambiri amathera pamenepo. Ayi. Charles atalanda Rouen mu 1449 analamula kafukufuku mu 1450, ndipo tisanamizane, chinkamuwawa ndi choti anthu aziti ufumu wake anaulandira kudzera mwa wampatuko. Koma kuti mlandu wa mpingo utsegulidwenso pankafunika odandaula, ndipo Papa Callixtus III anavomera pempho la banja. Pa 7 Novembala 1455 Isabelle Romée, gogo wokalamba, analowa mu Notre-Dame ku Paris ndi ana ake aamuna ndi gulu la anthu a ku Orléans, mmene amayi amamuperekezera mnzawo wofedwa kwathu kuja, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndi kukagwada pamaso pa oweruza ndi pempho lake, kuti anali ndi mwana wamkazi, anamubatiza, anamulera moopa Mulungu, ndipo adani anamuotcha popanda chifukwa. Zaka 24 akuyenda ndi dzina loti mayi wa wampatuko. Pa siteji yathu mayi ameneyu adzakhalapo kuyambira poyamba, ndipo mawu omaliza adzakhala a mboni.

Mbonizo zinali zoposa 100. Hauviette, mnzake wa paubwana, anati Jeanne anachoka osamutsanzika ndipo analira kwambiri chifukwa ankamukonda. Amuna amene anamuperekeza ku Chinon anati ankagona pafupi nawo atavala zovala zake zonse ndipo palibe anayerekeza kumukhudza. Manchon anaulula kuti ankakakamizidwa kusintha mawu ake polemba, komanso kuti anthu ankabisala kumvetsera pomwe wansembe wina ankanamizira kukhala mnzake. Pa 7 Julayi 1456 oweruza anati mlandu woyamba unali wachinyengo ndi wopanda mphamvu, ndipo kope la milandu 12 yomwe anamuimba analing'amba poyera. Mayi aja anamwalira mu 1458. Kutchedwa woyera ndiye kunachedwa zedi, wodala mu 1909, woyera pa 16 Meyi 1920 ndi Papa Benedict XV.

Potuluka tinakangana pang'ono ndi mwanayu pa za Cauchon. Iye akufuna adzaoneke chilombo, maso ofiira, mawu okalipa. Ine ndikuti ayi, adzakhale bambo waulemu, wophunzira, woyankhula mofatsa, wokhulupirira kuti akutsata ndondomeko, chifukwa ndi mmene akuonekera m'mapepala aja ndipo ndi zomwe zikundiopsa ine. Cauchon chigamulo cha 1456 sanachimve, anamwalira mu 1442 ali episkopi wa Lisieux, ndipo anaikidwa mwaulemu mu kathedralo ya kumeneko, m'kachipinda kopemphereramo komwe anamangitsa yekha. Mwanayu akuti tipite mawa tikaone manda akewo. Ndayang'ana matikiti, tikadzuka m'mamawa zitheka, sitima yathu yobwerera ku London ndi yamadzulo.